Nkhodolero, ŵ ndi madalaivala atatu a PHP

Aliyense amene anaphunzira Chichewa ku pulayimale amaidziwa nkhodolero, kachizindikiro kolenjekeka m'mwamba kaja kamene timalemba m'mawu ngati ng'ombe, m'mudzi, n'chifukwa ndi Mang'anja. Simungalembe ndime yathunthu osakumana nako. Koma kachizindikiro komweka kali ndi ntchito ina m'chinenero cha SQL, chimene mawebusaiti amalankhulira ndi ma database awo. Kumeneko kamasonyeza poyambira ndi pothera mawu. Ndiye munthu akalemba ng'ombe m'kabokosi kofufuzira pa webusaiti yolembedwa mwachikale, seva imalandira lamulo looneka chonchi:

SELECT * FROM ziweto WHERE dzina = 'ng'ombe'

MySQL imawerenga 'ng' n'kuganiza kuti mawu athera pomwepo. Zotsalazo sikuzimvetsa, ndipo imabweza error 1064 yonena kuti lamulo silinalembedwe bwino. Mzungu amakumana ndi vutoli mwa apo ndi apo, akapeza dzina longa O'Brien. Ife timakumana nalo tsiku lililonse, pa mayina a anthu, a midzi ngakhale pa uthenga wamba. N'chifukwa chake ndimaona kuti funso lakuti pulogalamu yathu ilankhule ndi database kudzera mwa dalaivala uti ndi lathu kuposa mmene timaganizira.

Kwa amene sali m'kalasi lathu: dalaivala amene ndikunenayu si wa minibasi. Ndi laibulale ya code imene imakhala pakati pa pulogalamu yanu ndi database, ngati womasulira pabwalo la milandu. Imatsegula njira, kunyamula funso lanu, kubweretsa yankho, ndi kukuuzani zikalakwika. Mu PHP, pankhani ya MySQL, madalaivala akhalapo atatu. Wamkulu pa onse ndi uja amene malamulo ake amayamba ndi mysql_, amene analipo kuyambira m'zaka za m'ma 1990, PHP ndi MySQL zonse zili zakhanda. Wachiwiri ndi mysqli, amene anabwera ndi PHP 5.0 mu 2004 kuti agwiritse ntchito zinthu zatsopano za MySQL 4.1. Wachitatu ndi PDO, amene analowa mu PHP 5.1 mu 2005, ndipo amalankhula ndi ma database osiyanasiyana, osati MySQL yokha. Taonani zakazo bwino. Amene timawatchula kuti atsopanowa ndi amsinkhu wa ambirife m'kalasimu. Wakaleyo anachenjezedwa kuti nthawi yake yatha mu PHP 5.5 m'chaka cha 2013, ndipo anachotsedweratu mu PHP 7.0 mu December 2015.

Munthu angafunse kuti nanga tikukambiranji za chinthu chimene chinaikidwa m'manda kalekale. Yankho lake lili m'ma flash disk amene amayendayenda m'mahostelo nthawi ya mapulojekiti a chaka chomaliza. Muli ma system a sukulu, a laibulale, a chipatala, a banki m'khonde, olandiridwa kuchokera kwa amene anamaliza kale, ndipo iwonso anawatola pa intaneti. Ndatsegulapo ambiri a iwo, ndipo mzere woyamba kawirikawiri umakhala mysql_connect. Akakana kuyenda pa XAMPP yatsopano, malangizo amene amaperekedwa msangamsanga ndi akuti chotsa imeneyo, ika yakale ya PHP 5.6. Imayendadi. Koma PHP 5.6 inasiya kulandira zigamba zachitetezo kumapeto kwa 2018, ndipo ena mwa ma system amenewa sathera pamaso pa oyesa mayeso. Amalume ali ndi sukulu yapulaiveti, mpingo ukufuna kaundula wa akhristu, ndiye pulojekiti ija imakwera pa intaneti ili ndi mayina enieni, manambala a foni enieni ndi ngongole zenizeni za anthu.

Sindikufuna kumunyoza dalaivala wakaleyu, chifukwa ndikumvetsa chimene anthu ankamukondera. Anali wosavuta. Mizere inayi yokha: lumikiza, sankha database, funsa, tenga yankho. Sankafuna n'komwe kuti muzimukumbutsa njira imene mwatsegula. Mukapanda kutchula, ankangogwiritsa ntchito yomaliza kutsegulidwa. Munthu wosadziwa kanthu za ma class ndi ma object ankatha kuona dzina lake likutuluka m'database madzulo a tsiku loyamba. Chimwemwe chimenecho n'chimene chinakopa anthu ambiri kuti alowe ntchito imeneyi, ndipo sindichiona ngati chinthu chochepa.

Vuto lake linali pa maziko. Iye ankadziwa njira imodzi yokha yotumizira funso: kulumikiza lamulo la wolemba pulogalamu ndi mawu a mlendo kukhala chingwe chimodzi, n'kuchiponya kwa seva. Seva siingadziwe kuti mbali iyi analemba ndi mwini nyumba, iyo analemba ndi wodutsa m'njira. Ng'ombe ija inangogwetsa tsamba mosafuna. Munthu wa mtima woipa amachita zomwezo mwadala: amatseka mawu ndi nkhodolero yake, kenako n'kupitiriza ndi lamulo lakelake. Akalemba ' OR '1'='1 pamalo pa dzina, funso lofuna munthu mmodzi limasanduka funso lofuna anthu onse, pakuti 1 amafanana ndi 1 nthawi zonse. Ichi ndicho chimatchedwa SQL injection. Si chachilendo ayi. Chinafotokozedwa m'magazini ya Phrack mu December 1998, ndipo pa mndandanda wa OWASP wa zoopsa khumi za mawebusaiti, injection inali pamwamba mu 2010, mu 2013 ndi mu 2017. Kampani ya mafoni ya TalkTalk ku Britain inabedwa zinsinsi za makasitomala oposa 150,000 mu 2015 kudzera m'njira imeneyi, pa masamba akale amene inatengera kwa kampani ina imene inagula, ndipo inalipitsidwa chindapusa cha mapaundi 400,000. Masamba akale otengera kwa ena: n'chimodzimodzi ndi za m'ma flash disk athu zija.

Anthu a nthawi imeneyo sanali opusa, anayesa kutchinga. Kunali magic quotes, imene inkangoika kamzere kopendekera patsogolo pa nkhodolero iliyonse yobwera kuchokera kunja, kaya ikupita ku database kaya ayi. Zotsatira zake n'zimene mwina munaziona pa mawebusaiti ena akale, pamene m'mudzi amaoneka ngati m\'mudzi, ndipo akasungidwa kawiri timizereto timachulukana. Inachotsedwa mu PHP 5.4 mu 2012. Kunalinso mysql_real_escape_string, amene amagwira ntchito ndithu, koma pokhapokha mutamukumbukira pa mtengo uliwonse, pa funso lililonse, m'fayilo iliyonse. Muiwale kamodzi pa mafunso 300, khomo latseguka. Komanso sathandiza pa nambala yosazingidwa ndi nkhodolero: pa WHERE id = $id, wakuba safunika nkhodolero n'komwe, amangolemba 5 OR 1=1. Chitetezo chodalira kuti munthu wotopa, wolemba code 2 koloko ya usiku, asaiwale ngakhale kamodzi, ine sindichikhulupirira.

Chachikulu chimene mysqli ndi PDO anabweretsa ndi prepared statement. Lamulo limapita kwa seva palokha, lili ndi mfunsiro pamalo pamene padzakhale mawu a mlendo: WHERE dzina = ? basi. Seva imaliwerenga, kulimvetsa, n'kulikonzekera. Kenako mawu aja amabwera paokha, ngati katundu wa m'thumba lomanga. Pofika nthawi imeneyi maonekedwe a lamulo atsekedwa kale, ndipo chilichonse chimene chili m'thumbamo, kaya ndi nkhodolero kaya ndi mawu oti DROP TABLE, chimangotengedwa ngati dzina loti lifufuzidwe. Ng'ombe imalowa m'khola bwinobwino osathyola mpanda. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti njira yotetezekayi ndi yofupikanso kulemba kuposa yomata zidutswa ija, ndipo wowerenga code amaona msanga pamene wina wapatuka.

Apa m'pamene pali msampha umene ndauona kambiri. PHP 7 itakana mysql_query, anthu anapeza mankhwala achangu: kufufuza mawu oti mysql_ m'mafayilo onse n'kuwonjezera chilembo i. Pamafunika kusintha pang'ono, chifukwa mysqli_query amafuna njira ija ikhale koyamba pamene wakale ankaifuna kumapeto, ndipo mysql_result alibe mnzake mu mysqli. Koma pakatha ola limodzi tsamba limayenda, ndipo mwini wake amati wasamukira ku zatsopano. Sanasamuke. Wangopaka laimu khoma long'aluka. mysqli_query amalandira chingwe chomatamata chija mosangalala ngati mkulu wake, PDO::query nayenso chimodzimodzi. Ndimaona kuti kufanana kwa mayinaku, kumene kunapangidwa pofuna kuthandiza anthu kusamuka mosavuta, n'kumene kwathandizanso chizolowezi chakale kukhalabe ndi moyo. Pa chifukwa chimenechi chokha ndingakonde woyamba kumene ayambire pa PDO, amene maonekedwe ake ndi achilendo moti sangamusokoneze ndi za mu vidiyo ya pa YouTube ya 2011.

Pakati pa awiri amoyowa, PDO ali ndi zabwino zooneka. Amalola kutchula mipata ndi mayina, monga :dzina ndi :mudzi, m'malo mwa mifunsiro yokhayokha. Pa fomu yolembetsa ophunzira ya mabokosi 15, kuwerenga mifunsiro kuti muone ngati wachisanu ndi chinayi ndi wa boma kapena wa mfumu yaikulu n'kotopetsa. Kwa zaka zambiri mysqli ankafunanso bind_param ndi kachingwe ka zilembo ngati "ssisd" kosonyeza mtundu wa mtengo uliwonse, ndipo chilembo chimodzi chikaperewera zonse zimaima. Koma tinene zoona, mysqli wakula. Kuyambira PHP 8.1 amalandira mitengo yonse pamodzi mu execute monga PDO, ndipo PHP 8.2 inabweretsa execute_query amene amachita zonse pamzere umodzi. Alinso ndi zake zimene PDO alibe, monga kutumiza funso n'kumachita zina podikira yankho. WordPress imayendera mysqli kuyambira pa 3.9 mu 2014, pamene Laravel ndi Drupal zimayendera PDO, ndiye palibe mbali imene ingati inzake ndi ya ana.

Mfundo imene imatchulidwa kwambiri yokomera PDO, yoti mungasinthe database osasintha code, ine ndimaitenga mosamala. PDO amagwirizanitsa kaitanidwe ka malamulo a PHP, koma samasulira SQL. AUTO_INCREMENT ya MySQL kulibe mu PostgreSQL, LIMIT kulibe mu SQL Server, ndipo kazingidwe ka mayina a matebulo n'kosiyana. Phindu lenileni lili pa munthu, osati pa pulogalamu. Ukaphunzira PDO kamodzi, manja ako amadziwa kale kochita ukapatsidwa ntchito ya PostgreSQL kapena SQLite. Kwa wophunzira amene sakudziwa kumene adzagwire ntchito, zimenezo n'zamtengo wapatali. SQLite yokhayo, imene database yonse ndi fayilo imodzi yosafuna seva, ndi mpumulo kwa laputopu yokalamba ya RAM ya 4GB.

PDO nayenso ali ndi kachinsinsi kamene ambiri sakadziwa. Polankhula ndi MySQL, mukapanda kumuuza china, satumiza prepared statement yeniyeni. Amachita monamizira: amatchinjiriza yekha mitengo ija, kuilowetsa m'lamulo, n'kutumiza chingwe chimodzi. Amachita mosamala kuposa munthu, ndipo saiwala, choncho nthawi zambiri n'zotetezeka. Koma zimabala zodabwitsa, monga LIMIT ? kukana chifukwa nambala 10 yapita itazingidwa ngati mawu. Mzere umodzi wozimitsa ATTR_EMULATE_PREPARES umathetsa nkhaniyo, ndipo ine ndimauika pa pulojekiti iliyonse. Chinanso choti tidziwe: mfunsiro uja umaimira mitengo yokha. Sungaimire dzina la tebulo kapena la column. Ngati wogwiritsa ntchito akusankha kuti mndandanda usanjidwe motsatira dzina kapena tsiku, muyenera kuyerekeza chimene watumiza ndi mndandanda wanu wa mayina ololedwa. Pamenepa palibe dalaivala, wakale kapena watsopano, amene angakuchitireni.

Tsopano za ŵ. Kaya mumalemba Malaŵi kapena Malawi, chilembochi chilipo m'mabuku athu, ndipo anzathu olemba Chitumbuka sangachite popanda icho. Mu latin1, imene MySQL inkagwiritsa ntchito ngati simunasankhe ina mpaka pamene 8.0 inatuluka mu 2018, chilembochi mulibe. Mu UTF-8 chimatenga ma byte awiri, ndipo pulogalamu ndi database zikapanda kumvana za kalembedwe, ma byte awiriwo amawerengedwa ngati zilembo ziwiri zosiyana. Ndiye pa sikirini pamatuluka MalaÅµi, kapena Mala?i. Yachiwiriyi ndiyo yowawa, chifukwa chilembo chikasungidwa ngati mfunsiro chapita, simungachibwezenso. Code yakale yambiri sinkatchula n'komwe za kalembedwe, kapena inkatumiza SET NAMES, imene imauza seva koma osauza dalaivala. Mu PDO mumangolemba charset=utf8mb4 pa mzere wolumikizira womwewo, mu mysqli muli set_charset. Onetsetsani kuti ndi utf8mb4, osati utf8, chifukwa imene MySQL inkaitcha utf8 imangofika ma byte atatu, ndipo emoji imafuna anayi. Ndani masiku ano amalemba ndemanga pa foni popanda kankhope koseka?

Kusiyana kwina kumene sikukambidwa mokwanira ndi khalidwe la dalaivala zinthu zikalakwika. Wakale ankangobweza false mwakachetechete, pulogalamu n'kumapitirira ngati zonse zili bwino. Pofuna kumva chalakwika, anthu anazolowera kumata or die ndi mysql_error kumapeto kwa funso lililonse, zimene zimasindikiza mayina a matebulo ndi zidutswa za SQL pamaso pa mlendo aliyense, wakuba yemwe. Atsopanowa amaponya exception imene mungaigwire pamalo amodzi, kuilemba m'fayilo yanu yobisika, n'kuonetsa mlendo uthenga waulemu. Kuyambira PHP 8.0 PDO amachita zimenezi osauzidwa, ndipo mysqli anatsatira mu 8.1. Ichi n'chifukwa chake code ina imene inkaoneka yamtendere pa PHP 7 imayamba kukuwa ikaikidwa pa PHP 8. Zolakwikazo zinalipo kale, zinkangomezedwa.

Zimenezi zimalumikizana ndi ma transaction, amene kwathu kuno si nkhani ya m'buku chabe. Taganizani za system ya fizi. Kholo lalipira, ndipo pulogalamu iyenera kuchita zinthu ziwiri: kulemba malipirowo m'tebulo lina, ndi kuchepetsa ngongole ya mwana m'tebulo linanso. Seva ndi kompyuta ya mu ofesi ya akaunti, yopanda batire. Magetsi athima pakati pa ziwirizo. Lisiti lilipo, ngongole ilinso pomwepo, ndipo Lolemba mwana abwezedwa pageti. Transaction imamanga ziwirizo pamodzi kuti zichitike zonse kapena pasachitike chilichonse. Ndi dalaivala wakale zinkatheka potumiza malamulo a SQL pamanja, koma popeza zolakwa zinkadutsa mwakachetechete, ochepa ankavutikira. Mu PDO ndi beginTransaction, commit ndi rollBack, zoyenda limodzi ndi exception ija mwachibadwa. Chenjezo limodzi: matebulo akhale a InnoDB. A MyISAM, amene anali osankhidwiratu MySQL 5.5 isanabwere ndipo adakali m'mafayilo ambiri a .sql otengera kwa ena, amavomera lamulo la transaction koma osalitsata.

Nkhani yofananayi ilinso kwa anzathu a zinenero zina, ngakhale kumeneko siiwawa chonchi. Mu Python, psycopg2 watumikira PostgreSQL kwa zaka zambiri, ndipo amalowetsa mitengo m'lamulo kumbali ya pulogalamu, pamene psycopg 3 wa 2021 amaitumiza payokha kwa seva ndiponso amadziwa async. Mu Node.js, mysql2 anabweretsa prepared statement ndi ma promise zimene laibulale ya mysql inalibe. Koma psycopg2 ndi wakale amene adakasamalidwabe ndipo ndi wotetezeka mukamugwiritsa ntchito moyenera, moti sindingauze munthu kuti asiye tulo pofuna kumuchotsa. Ukalamba pawokha si mlandu. Dalaivala wa mysql_ uja vuto lake n'lakuti palibenso amene akumusamala, ndipo amakukakamizani kukhala pa PHP imene nayonso palibe akuisamala. Ngakhale seva zatsopano zamusiya: MySQL 8.0 inasintha njira yotsimikizira mawu achinsinsi kukhala caching_sha2_password, imene PHP 5 saidziwa.

Ena m'kalasi amati zonsezi n'kutaya nthawi popeza Laravel ndi Eloquent zimabisa dalaivala pansi. N'zoona kuti zimabisa, ndipo pa ntchito yolipidwa inenso ndingasankhe framework. Koma tsiku limafika pamene lipoti lovuta likufuna SQL yolemba pamanja, ndipo munthu amatsegula DB::raw kapena whereRaw. Amene sanamvetse chifukwa chake mfunsiro ulipo amamata $dzina m'katimo monga ankachitira agogo ake mu 2003, ndipo Laravel samuletsa. Komanso Malawi tsopano ili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2024, ndiye wosunga mayina ndi manambala a anthu ali ndi udindo pamaso pa lamulo, ngakhale system yake inayamba ngati pulojekiti ya kalasi.

Ngati mwalandira system yakale yoteroyo ndipo anthu akuigwiritsa kale ntchito, sindikulangizani kuilembanso yonse sabata imodzi. Mudzathyola zimene zinkayenda. Yambani ndi kukopera database n'kuisunga pena. Pangani fayilo imodzi yolumikizira ya PDO yokhala ndi utf8mb4, exception ndi prepared statement zenizeni. Pa PHP 5.6 madalaivala awiriwa amatha kukhalira limodzi, choncho mungasamutse tsamba limodzilimodzi uku system ikugwirabe ntchito. Tsamba lolowera likhale loyamba, ndipo muli pomwepo chotsani md5 muike password_hash, amene alipo kuyambira PHP 5.5. Kenako mabokosi ofufuzira, kenako paliponse pamene $_GET kapena $_POST akulowa m'funso, kenako za ndalama. Mawu oti mysql_ akasowa m'mafayilo onse, kwezani PHP. Poyesa tsamba lililonse, lembani ng'ombe ndi Malaŵi m'bokosi lililonse, musunge, mutsegulenso muone chimene chabwerera.